Trial ya ad blocker yatha ndipo ma ad abweranso, mutani?

Abale anga, funso ili ndalimva kambiri moti bola ndingolemba kamodzi aliyense aziwerenga yekha. Munthu wayika AdGuard kapena ka app kena kotsekera ma ad, masiku oyamba foni yayera bwinobwino, masamba akutseguka msanga, bundle ikukhalitsako, kenako tsiku lina kwangobwera uthenga woti trial yanu yatha lipirani, ma ad nkubwereranso. Ndiye amafunsa kuti kodi pali njira yoyibwezera poyambira kapena kuyitalikitsa kuti masiku aulere aja asamathe. Yankho langa ndi loti musataye nthawi ndi zimenezo. Njira zambiri zomwe anthu amauzana sizigwira, zina zimasokoneza foni, ndipo chachikulu nchakuti chomwe mukufunacho chilipo kale chaulere, chopanda trial, chopanda tsiku lothera. Anthu ambiri sadziwa chabe komwe chili.

Chifukwa chake trial sibwerera

Ambiri amaganiza kuti masiku aja amawerengedwa mufoni mwawo momwemo, ndiye akachotsa app nkuyiikanso kapena akapanga Clear data zonse ziyiwalika. Ayi ndithu. Eni ake a app amasunga nkhaniyo pa seva yawo, kompyuta yawo ya pa intaneti, amalemba imelo yomwe munalowera nayo komanso chizindikiro cha foni yanu, ndipo ngati munatenga trial kudzera pa Play Store ndiye kuti yalembedwa pa akaunti yanu ya Google. Mukayiikanso app ija imangofunsa kwawo kuti uyu tinamupatsapo kale? Seva nkuyankha kuti inde. Basi nkhani yathera pomwepo, mwangowononga data yodawunilodera kawiri.

Ina yomwe achinyamata amakonda ndi yobweza deti ya foni m'mbuyo. Iyi ndiye chonde musayese. Tsiku lina ndili pa kashopu ka mnzanga wokonza mafoni kufupi ndi msika wa Kapata kunabwera amayi ena ogulitsa salaula, nkhope ili gwaa, akuti foni yafa chonsecho makasitomala awo a ku Katete amawatumizira maoda pa WhatsApp. Mnzangayo atatsegula, WhatsApp yalemba kuti Your phone date is inaccurate ndipo ikukana kupitirira, Chrome nayo tsamba lililonse ikuti Your clock is behind. Anawafunsa kuti, "Amayi, ndani anagwira foniyi dzulo?" Iwo akuti, "Ndi mwana wanga uja, amati akundichotsera zotsatsa." Kuyang'ana deti, foni ikunena mwezi watha. Anangolowa mu Settings, Date & time, nkuyatsa kuti nthawi izibwera yokha kuchokera pa netiweki, zonse nkudzuka pompo. Chomwe chimachitika nchakuti masamba ndi ma app otetezedwa amagwiritsa ntchito ma certificate omwe ali ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndiye foni ikanama deti imaona ngati ma certificate aja ndi olakwika nkukana kulumikiza. App ya kubanki nayonso imatha kukana. Ndipo trial ija sinabwerere olo pang'ono, poti seva ili ndi wotchi yake.

Ena amafika popanga factory reset. Taganizani, kufufuta zithunzi za ana, manambala omwe sanasungidwe pa Google, macheza onse a WhatsApp ngati munalibe backup, chifukwa cha masiku ochepa aulere. Komanso pali msampha wina apa womwe wagwira anthu ambiri kuno: foni ya Android ikafufutidwa kudzera ku recovery imafunsa akaunti ya Google yomwe inalimo kale, ndiye ambirife akaunti anatitsegulira ndi mnyamata wa pashopu tsiku logula foni, password sitiyidziwa, mnyamatayo anasamukira ku Lusaka. Foni imangokhala pa tsamba lomwelo mpaka mukalipire wina kuti ayitsegule.

Zotsegula imelo yatsopano sabata iliyonse, mwina nkugwira kamodzi kapena kawiri pa ma app ena, koma ndi kuphwanya malamulo omwe munavomera poyika app, amatha kukutsekerani, ndipo kunena zoona anthu omwe amakonza ma app amenewa nawonso amadya. Munthu akakupatsa chinthu kuti ulawe, walawa, ngati sukufuna kugula pita kwa amene akupereka chaulere ndi mtima wonse. Alipo, ndiwatchula pansipa.

Koma choopsa kuposa zonsezi ndi ma APK, mafayilo oyikira app, aja olembedwa kuti premium mod, cracked, unlocked, omwe amayenda pa Telegram kapena mnzako amakuponyera pa Xender. Mvetsani mmene ad blocker ya pafoni yonse imagwirira ntchito: imatsegula VPN, njira yapadera yodutsamo data, mkati mwa foni momwemo ndipo chilichonse chotuluka kapena kulowa pa intaneti chimadutsa mwa iyo, AdGuard yeniyeni imapemphanso kuti muyike certificate yake kuti izitha kusefa masamba otetezedwa. Manje inu mukupereka mphamvu zonsezo kwa app yomwe wina wosadziwika anaitsegula nkusinthamo zomwe akudziwa yekha. Zili ngati kupatsa mlendo wa pamsewu makiyi a nyumba yonse poti wati akusesera ulere. Mufoni momwemo muli ma SMS a mobile money, manambala achinsinsi omwe banki imatumiza, Facebook ya bizinesi yanu. Ngati muli nayo kale yotere ichotseni lero, mulowe mu Settings mufufuze mawu oti certificates kapena credentials muchotse yomwe inayikidwa ndi app imeneyo, kenako musinthe password ya Google ndi ya Facebook komanso PIN ya mobile money.

Musanachite china chilichonse, onani ngati sakukudulani ndalama

Apa mpamene anthu amalira. Ma app ambiri a pa Play Store amati masiku atatu kapena asanu ndi awiri aulere koma amayamba akufunsani khadi, ndipo masiku aja akangotha amayamba kudula okha sabata iliyonse kapena mwezi uliwonse, m'madola, osakufunsaninso. Masiku ano ambiri tili ndi makhadi a Visa a kubanki kapena makhadi a pa intaneti olumikizidwa ku mobile money, ndiye ndalama imangochoka mwakachetechete iwe nkumadabwa kuti kodi K200 yanga yapita kuti. A kampani ya zachitetezo ya Sophos anatchula ma app otere kuti fleeceware mu 2019, ma app omwe ntchito yake ndi yochepa koma mtengo wake ndi wometa anthu.

Chofunika kudziwa: kuchotsa app mufoni sikuletsa kudulidwa ndalama. Anthu ambiri sadziwa zimenezi. Muyenera kutsegula Play Store, kudina kachithunzi kanu pamwamba kumanja, Payments & subscriptions, kenako Subscriptions, mupeze app ija nkudina Cancel subscription. Ngati mufoni muli maakaunti a Google awiri kapena atatu yang'anani onse chifukwa nthawi zambiri subscription imabisala pa akaunti yomwe simuiganizira. Ngati angokudulani kumene pemphani refund msanga, mkati mwa maola 48 mwayi umakhalapo kudzera kwa Google, ikadutsa nthawi imeneyo nthawi zambiri amakuuzani kuti mulankhule ndi eni app. A iPhone lowani mu Settings, dinani dzina lanu pamwamba, Subscriptions, ndipo Apple imalangiza kuti trial muyiletse pasanatsale maola 24 kuti ithe. Ngati munalipira pa webusaiti ya eni ake osati pa Play Store ndiye kuti koletsera ndi komweko, mu akaunti yanu ya pa webusaitiyo.

Pali kudulidwa kwina komwe anthu amakusokoneza ndi izi, kwa talktime. Wadina ka ad kena mwangozi, kakulembetsa ku masewera kapena mauthenga a tsiku ndi tsiku, ndiye ukangoyika K10 yatha usanayimbe. Izi sizikhudzana ndi Play Store, imbani 111 kwa a netiweki yanu muwauze akuwerengereni zonse zomwe nambala yanu yalembetsedwa ndipo azichotse. Akapanda kukuthandizani a ZICTA, bungwe loyang'anira ma netiweki, ali ndi nambala yaulere ya madandaulo, 7070.

Njira yomwe ndimayamba nayo: Private DNS

Iyi ndimaikonda chifukwa simuyika app iliyonse, sidya batire, sidya malo mufoni, ndipo pa ma itel ndi ma Tecno athu a memory yochepa zimenezi ndi nkhani yaikulu. Imapezeka pa Android 9 kupita m'mwamba, kutanthauza mafoni ambiri otuluka kuyambira 2018 ndi 2019.

Mmene imagwirira ntchito ndi chonchi. Foni ikafuna kutsegula chinthu pa intaneti imayamba yafunsa seva yotchedwa DNS kuti dzina ili likupezeka pa adiresi iti. Ma ad ambiri amachokera ku ma seva awoawo a makampani otsatsa, osati kwa mwini tsamba kapena mwini gemu. Ndiye mukasankha DNS yomwe ili ndi mndandanda wa ma seva otsatsa aja, foni ikafunsa za iwo imangoyankhidwa kuti kulibe, ad ija siidawunilodedwa nkomwe, data yanu yapulumuka.

Tsegulani Settings, pamwamba pali pofufuzira, lembani Private DNS. Ndikunena zofufuza chifukwa foni iliyonse inabisa pake, pa Samsung ili mu Connections kenako More connection settings, pa mafoni ena ili mu Network & internet. Mukaipeza sankhani Private DNS provider hostname nkulemba ndendende izi: dns.adguard-dns.com kenako Save. Onetsetsani kuti keyboard sinakuikireni mpata pakati kapena kumapeto, ndipo kamzere kali pakati pa adguard ndi dns ndi kachidule kaja osati ka pansi, anthu ambiri amalakwitsa pamenepa nkumati sizikugwira. Iyi ndi seva ya AdGuard yomweyo koma ya aliyense, yaulere, sifuna akaunti ndipo ilibe trial. Ngati foni ndi ya mwana lembani family.adguard-dns.com, imeneyo imatsekanso masamba olaula. A Mullvad a ku Sweden nawonso ali ndi yawo yaulere, adblock.dns.mullvad.net, mutha kuyesa ngati yoyambayo ikuchedwa pa netiweki yanu. Palinso NextDNS yomwe imakulolani kusankha nokha zotseka, yaulere mpaka mafunso 300,000 pamwezi, mukapyola pamenepo intaneti imagwirabe koma kusefa kumayima mpaka mwezi wina.

Mukamaliza tsekani ma app onse, yatsani Airplane mode kamphindi nkuzimitsanso, kenako tsegulani gemu kapena ka app kaja kamakuvutitsani ndi ma ad. Nthawi zina pamatsala kabokosi koyera kopanda kanthu pomwe panali ad, ndi mmene zimakhalira, DNS imaletsa ad kubwera koma siyingakonze maonekedwe a tsamba.

Manje mavuto omwe amabwera pambuyo pake, poti awa ndi omwe amabweza anthu kwa ine.

Loyamba ndi la ma bundle a social, aja a WhatsApp ndi Facebook okha. Munthu wagula bundle yotere, data ya wamba alibe, ndipo mwadzidzidzi WhatsApp yomwe sikulumikiza, foni nkulemba kuti Private DNS server cannot be accessed kapena kuti netiweki ilibe intaneti. Sikuti a netiweki akuberani ayi. Foni ikuyesa kufika ku seva ya DNS ija, koma bundle yanu imalola njira ya ku WhatsApp ndi Facebook basi, ndiye funso loyamba lija silikudutsa ndipo chilichonse chaima. Mukakhala pa bundle yotere bwezani Private DNS pa Automatic kapena Off, mukagula data ya wamba muyatsenso. Dzina lija mafoni ambiri amalisunga simuchita kulembanso.

Lachiwiri ndi Wi-Fi ya pa lodge, pa sukulu kapena ku ofesi, makamaka ija imayamba yakutsegulirani tsamba lolembapo voucher. Ma Wi-Fi ena amatseka khomo lomwe Private DNS imadutsira, port 853, ndiye mumaona kuti mwalumikizidwa koma palibe chikutseguka. Mankhwala ake ndi omwewo, zimitsani, lowani, yesani kuyatsanso, ikakana isiyeni pa Automatic mpaka mutachokapo.

Lachitatu, zinthu zina zomwe mumazifuna zimatsekedwa limodzi. Mukafufuza pa Google zotsatira zoyamba zolembedwa kuti Sponsored sizitseguka mukazidina, ingotsikani pansi mudine zenizeni. Magemu aja amati onerani kanema kuti mupeze ma coin adzakuuzani kuti palibe kanema. Ndipo mwa apo ndi apo link ya mu imelo imakana poti imadutsira pa seva yowerengera anthu. Chinthu chofunika chikakana, kaya ndi fomu ya sukulu kaya ndi malipiro, musayambe kutukwana foni, zimitsani Private DNS kaye muyese, mukamaliza muyatse.

Za mu browser

DNS yokha siyimaliza zonse, pa masamba a mpira, a nyimbo ndi a mafilimu pamafunika chinthu champhamvu chomwe chimaona mkati mwa tsamba. Apa vuto ndi loti Chrome ya pafoni silola ma extension, timapulogalamu towonjezera mu browser, ndiye olo mufufuze bwanji simupeza njira yoyikiramo ad blocker yeniyeni, ma app a pa Play Store omwe amalonjeza zimenezo ambiri ndi aja odula ndalama aja.

Chomwe ine ndimayikira anthu ndi Firefox, mukayika dinani timadontho titatu, Extensions, mupeze uBlock Origin nkuyiwonjezera. Basi. Anaiyamba ndi Raymond Hill mu 2014, code yake ili poyera aliyense atha kuyiona, ilibe premium, ilibe trial, ndipo mwini wakeyo amakana ngakhale ndalama za chithandizo, amati ngati mukufuna kuthokoza thokozani anthu omwe amakonza mindandanda ya zosefera. Chenjerani ndi dzina, pali ina yongotchedwa uBlock yopanda Origin, si imodzi. Mukafika pa tsamba lomwe lasokonekera kapena lomwe mukufuna kulithandiza, tsegulani uBlock Origin mudine chizindikiro chachikulu chozimitsira chija, imazima pa tsamba lokhalo basi kwina konse ikugwirabe. Ine masamba a nkhani a kwathu kuno ndimawasiya aonetse ma ad awo bola asakhale aja odumphira kumaso, atolankhani aja malipiro awo amachokera pomwepo.

Ngati zoyika ma extension zikukuvutani ikani Brave, imabwera ndi chotsekera chake chotchedwa Shields choyaka kale, mukangotsegula yayamba ntchito. Idzakuuzani za Rewards ndi VPN yolipira, ingodumphani, sizofunika kuti ma ad atsekedwe. A Samsung muli ndi mwayi, Samsung Internet ili ndi malo olembedwa Ad blockers mu menu ndipo mutha kusankhapo AdGuard Content Blocker yomwe ndi yaulere. Opera Mini yomwe ambiri timaidalira kumudzi netiweki ikakhala ya E nayo ili ndi Ad blocking mu Settings, kungoti patsamba lake loyamba la nkhani imaonetsa zotsatsa zakezake. Adblock Plus ndi yaulere koma kuyambira 2011 imalola ma ad ena omwe amati ndi osavutitsa, pulogalamu yotchedwa Acceptable Ads, ndiye mukaona ena akudutsa sikuti yafa, lowani mu settings muzimitse zimenezo ngati simukuzifuna.

China chomwe ambiri sadziwa, AdGuard ya Android trial ikatha siyifa yonse. Imapitiriza kutseka ma ad mu ma browser kwaulere, chomwe chimayima ndi kutseka mkati mwa ma app ena ndi zina zapamwamba. Ndipo yeniyeniyo siyipezeka pa Play Store chifukwa malamulo a Google salola app yotseka ma ad m'ma app a anthu ena, imatengedwa pa adguard.com. Mukaipeza kwina kulikonse ikayikireni.

YouTube ndi Facebook

Apa ndisakunamizeni. Private DNS siyichotsa ma ad a mu app ya YouTube, Facebook, Instagram kapena TikTok, ngakhale AdGuard yolipira imavutika nawo mkati mwa ma app amenewa, chifukwa ad ndi kanema zimachokera pa ma seva amodzimodzi, ukatseka ad watsekanso kanemayo. Ndiye ngati mumafuna kubweza trial chifukwa cha YouTube, dziwani kuti mukuthamangitsa chinthu chomwe sichikanakuthandizani. Chomwe chimathandizako ndi kuonera YouTube mu Brave kapena mu Firefox ya uBlock Origin m'malo mwa app. Kuyambira 2023 YouTube inalimbitsa nkhondo ndi ma ad blocker, ndiye masiku ena mudzaona uthenga wokuchenjezani kapena kanema akuchedwa kuyamba, zikatero pangani update browser ndi mindandanda ya uBlock Origin, nthawi zambiri pakapita masiku ochepa zimakonzeka. YouTube Vanced ija inatsekedwa mu March 2022, ndiye masamba omwe mpaka lero akugawa APK ya dzina limenelo musawakhulupirire.

Ngati ma ad akudumphira pa skirini olo simunatsegule kanthu

Ili ndi vuto lina ndipo ad blocker, yolipira kapena yaulere, si mankhwala ake. Anthu ambiri omwe amayika ma trial amenewa kwenikweni akuvutika ndi izi. Pali magwero awiri.

Gwero loyamba ndi ma notification a Chrome. Munalowa pa tsamba lina lodawunilodera nyimbo, linakufunsani kuti dinani Allow kuti mupitirize, munadina, kuyambira pamenepo likukutumizirani mauthenga oti foni yanu ili ndi ma virus 5 kapena mwawina iPhone. Tsegulani Chrome, timadontho titatu, Settings, Site settings, Notifications, muone mndandanda wa masamba ololedwa, lililonse lomwe simukulidziwa lichotseni kapena mulipange Block. Ndinaonapo foni ya abambo ena a ku Chadiza, mlimi wa fodya, mndandanda umenewu unali wautali kutsika nawo kangapo, maina ake osawerengeka nkomwe zilembo zosakanikirana ndi manambala, ndipo iwo ankaganiza kuti ndi a netiweki akuwatumizira. Titachotsa foni inangoti zii.

Gwero lachiwiri ndi app yoipa yomwe ili mufoni, kawirikawiri ma cleaner, ma booster, tochi, ma keyboard a maluwa, ma app okongoletsa zithunzi. Ad ikangodumpha dinani batani loonetsa ma app otseguka, nthawi zambiri dzina la wolakwayo limaoneka pamwamba. Mukapanda kumupeza lowani mu Settings, Apps, Special app access, Display over other apps, muone omwe ali ndi chilolezo chojambula pamwamba pa anzawo. Yang'ananinso mndandanda wonse wa ma app mpaka pansi, ena amabisala opanda dzina ndi chithunzi, mumangoona mzere wopanda kanthu. Akakana kuchoka ndiye kuti anadzipatsa udindo wa Device admin, kachotseni chilolezocho kaye mu Security kenako Uninstall. Foni ikakhala kuti ma ad sakukupatsani mpata olo wodina, iyatseni mu Safe mode, pa mafoni ambiri mumagwira batani lozimitsira kenako nkukanikiza nthawi yaitali pa Power off, mmenemo ma app oyika nokha sagwira ntchito ndiye mutha kuchotsa mwamtendere. Pomaliza tsegulani Play Store muyendetse Play Protect. Ma app ena obwera ndi foni kuchokera ku fakitale nawonso amatumiza zotsatsa, amenewo sachotseka koma mutha kuwazimitsira ma notification kapena kuwapanga Disable.

Blocker ikungozima yokha

Amene mukugwiritsa ntchito ma app otsekera ma ad ngati AdGuard, Blokada 5, AdAway kapena Rethink, dandaulo lanu ndimalidziwa: m'mawa ikugwira, masana kakiyi kaja ka pamwamba koonetsa kuti VPN yayaka kasowa. Ndi foni yomwe ikuipha pofuna kusunga batire, ma Tecno, Infinix ndi itel amachita zimenezi kwambiri makamaka mukadina kaja koyeretsa memory. Lowani mu Settings, Apps, app imeneyo, Battery, musankhe kuti isaletsedwe, muyatse Auto-start ngati ilipo, muyikhome ndi kaloko pa ma app otseguka, ndipo mu VPN settings muyatse Always-on VPN. Kumbukiraninso kuti Android imalola VPN imodzi yokha pa nthawi imodzi, mukayatsa VPN ina blocker imazima, sikuti yawonongeka. Ndipo musayatse Private DNS pamodzi ndi app yosefa DNS, zimalimbana, sankhani chimodzi. Za Blokada dziwani kuti 5 ndi yaulere ya pa webusaiti yawo pomwe 6 ya pa Play Store ndi yolipira, ambiri amayika 6 nkumadabwa kuti bwanji ikufuna ndalama. AdAway imapezeka pa F-Droid, sitolo ina ya ma app aulere, ndipo masiku ano siyifunanso root, kutsegula zamkati zotsekedwa za foni.

Laputopu ndi MiFi

Pa Windows nkhani ndi yomweyo, mapulogalamu aja otchedwa trial reset kapena crack omwe amakuuzani kuti muyambe mwazimitsa antivirus ndi njira yodziwika yolowetsera zoba ma password osungidwa mu browser. Simukuwafuna. Extension ya AdGuard ya mu browser ndi yaulere, uBlock Origin ndi yaulere. Kungoti kuyambira 2024 Chrome inayamba kuzimitsa ma extension akale chifukwa cha malamulo atsopano otchedwa Manifest V3, ndiye ngati uBlock Origin yanu inazima yokha pa Chrome chifukwa chake nchimenecho, ikani uBlock Origin Lite kapena samukirani ku Firefox komwe yonse yathunthu ikugwirabe. Amene muli ndi MiFi kapena router pakhomo kapena pa shopu, ngati ili ndi malo osinthira DNS lembanimo 94.140.14.14 ndi 94.140.15.15, aliyense wolumikiza asefedwa, ndipo bundle ya pamwezi ija mudzaona kusiyana. Ma MiFi ena malo amenewa anawatseka, zikatero ingoyikani pa foni iliyonse payokha.

A iPhone, AdGuard ya pa App Store ili ndi mbali yaulere yotseka ma ad mu Safari, mukayika muyenera kukayatsa mu Settings pansi pa Safari apo ayi siyigwira.

Nanga kulipira?

Ngati mwayesa zonsezi ndipo mukuonabe kuti yolipira ija ndi yomwe imakukwanirani, mwina poti mumafuna kusankha app ndi app kapena kutseka zolondalonda mozama, lipirani, palibe cholakwika. License ya AdGuard ya munthu mmodzi imakwana zipangizo 3, ya banja imakwana 9, ndipo pali ya pachaka ndi ya moyo wonse yolipira kamodzi. Pakhomo pa anthu angapo mutha kusonkherana ya banja. Gulani pa webusaiti yawo yeniyeni, osati kwa munthu wa pa Facebook wogulitsa ma key pa K50, ma key otere amatha kutsekedwa nthawi iliyonse ndipo mulibe kokadandaula. Ngati trial inatha musanaiyese bwino poti munali kumudzi kopanda netiweki kapena magetsi anavuta, lemberani a support awo muwafotokozere, kuwonjezera masiku ndi chisankho chawo koma kupempha sikulakwa.

Otsala ndi a mafoni akale a Android 8 kutsika pansi, omwe mu Settings mulibe Private DNS. Inu ikani personalDNSfilter kuchokera pa F-Droid, ndi kakang'ono kwambiri ndipo kamachita ntchito yomweyo kudzera pa VPN yamkati, kenako pa masamba muzigwiritsa ntchito Opera Mini, kapena Firefox ngati foni ndi ya Android 8. Musanayambe lowani mu Data usage mulembe penapake data yomwe mwadya sabata ino, sabata yamawa mudzayang'anenso mufananize.